Lamba Wakuda wa Millie

Mulanje Boma,
21 Okutobala, 2012.

Okondedwa achimwene a Lenard,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli ndi moyo ndi mphamvu ku Joniko, ndiponso kuti chifuwa chimene chinakuvutitsani nthawi yozizira chija chinakusiyani. Kuno dzuwa lakwiya, mango ayamba kupsa ku Milonde, ndipo nandolo chaka chino wabereka kuposa chaka chatha. Bulangete munatumiza ndi adalaivala a basi lija linafika bwino. Amayi akuti adzafunda mu Juni, pakali pano alitsekera m'sutikesi kuopa mphemvu. Ndikanatha kukuimbirani foni monga mwa masiku onse, koma nkhani imene ndili nayo ndi yaitali, ndipo ndikufuna muimve yonse musanandiyankhe.

Ndi nkhani ya mwana wanu Millie. Ali moyo, mtima usakudukeni. Akudya, akuyankhula. Koma wavulala mwendo, ndipo kuti mumvetse mmene zinakhalira ndiyenera kuyambira kumene zinayambira, ngakhale kumeneko n'kumene ine sindikufuna kupitako.

Mukukumbukira kuti atalemba mayeso a Folomu 4 chaka chatha, mtima wake wonse unali pa usilikali. M'mawa uliwonse ankathamanga kuchoka pano mpaka kuminda ya tiyi n'kubwerera, moti amayi othyola tiyi anafika pomuzolowera n'kumamuimikira manja. Masiku omwewo kunabwera bambo wina, dzina lake Pilato, amene anachita lendi nyumba yakale ya chigayo kuseri kwa msika. Anaipaka laimu, n'kukhomapo chikwangwani cha kambuku woyasamula, akuti watsegula sukulu ya karate. Ankanena kuti anaphunzira zaka khumi ku Durban kwa Mjapani, ndipo aliyense ankamutchula kuti a Masta. Iwowo ndi amene anauza Millie kuti mtsikana wokhala ndi satifiketi ya karate sabwezedwa polemba asilikali. Millie anakuimbirani, inu munavomera, n'kuyamba kutumiza ndalama zake mwezi ndi mwezi.

Inu munkangodziwa za kulembetsa ndi K1,500 ya pamwezi, koma kumeneko kunali kulowa pakhomo chabe. Yunifomu ugule kwa iwo. Lamba aliyense ali ndi mayeso ake, mayeso ali ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umakwera lamba akamanka nada: woyera, wachikasu, wobiriwira, wabulawuni, mpaka wakuda. Panalinso kabotolo ka mafuta akuti olimbitsa mafupa, kamene ine nditakanunkhiza ndinamva mafuta ophikira osakaniza ndi tsabola. Palibe mwana amene analipira n'kulephera mayeso. Palibenso amene anakhoza asanalipire.

Tsopano ndinene mbali yanga, imene sindinakuuzenipo. Millie atangotha sabata ziwiri, a Pilato anabwera pakhonde la sitolo pamene ndimasokera paja. Anatulutsa m'chikwama yunifomu yawo imene amavala, ya nsalu yokhuthala, yolemera ngati tenti.

"Mayi, ndamva kuti dzanja lanu ndi labwino. Mungasoke chonchi?"

Ndinaigwiragwira, ndinati nsalu yotere kuno sipezeka. Anaseka.

"Ndani wanena za nsalu yotere? Mukagule yoyera yotchipa ija ku Limbe. Ana sadziwa kusiyana kwake. Koma pakamwa mutseke, chifukwa ine ndimawauza kuti katunduyu amachokera ku Durban."

Ndinavomera, achimwene. Mukudziwa mmene kaunjika watiphera ntchito ife matelala. Ndinkatha sabata yathunthu ndikungosoka zigamba ndi mazipi, ndiye munthu akubwera ndi ntchito ya mayunifomu makumi atatu. Ndinasamutsira makina m'kachipinda ka kumbuyo kwa sitolo kuti anthu asaone. Malambanso ndinkasoka ndine, n'kumawanyika m'ndowa kuseri. Dayi wakuda amene ndinakupemphani mu Febuluwale, n'kukuuzani kuti ndi wa masiketi a amayi a mvano, anali wa malamba amenewa. Wa kuno amasuluka msanga.

Sindinali ndekha. A Jailos, akalipentala oyandikana nafe aja, ndi amene ankakonza matabwa amene ana ankathyola ndi dzanja pa mayeso. Ankawacheka ndi sowo kunsi mpaka pakati, n'kutseka mzerewo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Iwo ankadziwa za ndowa yanga, ine ndinkadziwa za sowo yawo. Tinkapatsana moni m'mawa uliwonse koma osayang'anana kumaso.

Tsiku lina ndinapita kukasiya katundu nthawi ya maphunziro, ndipo ndinaima pakhomo kuonerera. Ana oposa makumi anayi anali pamizere, opanda nsapato, pa simenti ya chigayo yomwe ija, akumenya mphepo n'kumakuwa. A Pilato anali pampando akuseweretsa foni, wotsogolera anali mnyamata amene anayamba mwezi umodzi Millie asanayambe. Panja pa miyala panali ana atatu atagwada, manja ali m'mwamba, dzuwa likuwawotcha. Amenewo anali ochedwa kulipira. Chimene ndinaona n'chakuti palibe mwana amene ankakhudza mnzake. Nditafunsa, a Pilato anati nkhonya zimene amaphunzitsa ndi zakupha, ndiye sangalole ana kuyeserana okhaokha. Ine sindinaphunzire kwenikweni, koma ndikudziwa kuti munthu saphunzira kusoka pongopalasa makina opanda nsalu. Ndinazindikira tsiku lomwelo kuti palibe chimene ana aja akuphunzira. Ndinasiya katundu, ndinalandira zanga, ndinabwerera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti Millie sankachita zachibwana. Anzake ambiri ankangofuna yunifomu yojambulitsira zithunzi, koma iye akabwera kunyumba ankabwereza zonse pabwalo mpaka thukuta kamukamu. Ankamenya mtengo wa mango uja mpaka zala kutuluka magazi, n'kudzola mafuta a tsabola aja, n'kupitiriza. Patatha miyezi khumi anapatsidwa lamba wakuda. Anabwera naye atamunyamula ndi manja awiri, n'kundigwadira.

"Azakhali, taonani. Wachokera ku Durban. A Masta akuti m'boma lonse la Mulanje mtsikana woyamba ndine."

Ndinamulandira lambayo. Makina anga ali ndi chizolowezi cholumpha ulusi akafika pokhuthala, ndipo ndinapaona pamene analumpha. Ndinati ndi wokongola, mwanawe, wagwira ntchito. Ndinamuphera nkhuku. Madzulo ake anatenga ulusi wofiira m'bokosi langa n'kusokerera chilembo cha dzina lake kunsonga kwa lambayo.

Kwacha itagwa mu Meyi zinthu zinadula, ndipo makolo anayamba kuchotsa ana mmodzimmodzi. A Pilato anaganiza zochita chionetsero choti chikope anthu. Anaitana kagulu kena ka karate ka ku Limbe, kamene anakasankha dala atamva kuti ana ake amavala mayunifomu azigamba ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa lamba wakuda. Linali Loweruka, pa 8 Seputembala, masana. Anthu anadzaza nyumba ya chigayo ija mpaka ena kukwera m'mawindo, pakhomo akulipira. Ine anandilowetsa ulere, n'kundikhazika pampando mzere wachitatu.

A ku Limbewo anabwera asanu ndi mmodzi pa minibasi, ndi mphunzitsi wawo, bambo wachikulire wamfupi dzina lake a Sudi, amene ntchito yawo ndi umakaniko. Atalowa anayang'ana pansi, anapondaponda ndi chidendene.

"Matiresi ogwerapo ali kuti? Pa simenti ana anga samenyana."

A Pilato anatenga chimkuzamawu. "Mwamva, anthu a ku Mulanje? Anzathu a m'tauni akuopa."

Anthu anaimba malikhweru, ena n'kumakuwa kuti abwezeredwe ndalama zawo. Pamapeto pake a Sudi anati alola mpikisano umodzi wokha, wongokhudzana pang'ono. Anasankha mtsikana wina dzina lake Laila, wocheperapo kwa Millie, wa lamba wobiriwira wosuluka. Ndinamva pambuyo pake kuti waphunzira zaka zisanu. A Pilato anaitana Millie, n'kulengeza kuti uyu ndiye mkango wa Mulanje.

Achimwene, sizinatenge nthawi imene munthu amamwera kapu ya madzi. Anaweramirana. Millie anakuwa monga anaphunzitsidwira n'kuponya mwendo m'mwamba, kuponya kokongola ndithu. Laila anangosuntha pang'ono n'kukokolola mwendo umene Millie anaimira. A Sudi akuti chimenechi ndi chinthu wamba, mwana aliyense wa kwawo amagwetsedwa chonchi kambirimbiri pa tsiku n'kudzuka akuseka. Koma Millie sanaphunzitsidwepo kugwa. Anagwa mwendo utapindikira pansi pa thupi lake, ndipo ndinamva kulira kwa bondo ndili pampando wanga, ngati munthu wathyola phesi louma la chinangwa.

Laila anabwerera m'mbuyo n'kutsitsa manja. A Sudi anakweza dzanja kuti zatha. Koma a Pilato anayandikira, chimkuzamawu chili kukamwa.

"Dzuka. Lamba wakuda sagona pansi."

Mwana wanu anadzuka. Sindikudziwa mphamvu anazitenga kuti, koma anaimirira ndi mwendo umodzi.

"Ponda. Ukuchititsa manyazi sukulu."

Anaponda. Mwendo unapindikira kumbali, kumene mwendo wa munthu supindikira, ndipo anagwanso. Adokotala anatiuza pambuyo pake kuti kugwa kwachiwiriku ndi kumene kunawononga kwambiri. Anthu anaseka. Anyamata a m'mawindo ankakuwa kuti wa ku Durban wagwa. Amene analira m'nyumba monse muja anali Laila.

Ndinkaganiza kuti pamenepo a Pilato athedwa nzeru, koma munthu uja sathedwa. Anadikira phokoso lichepe, kenaka anayankhula mofatsa ngati m'busa.

"Mwaona nonse ndi maso anu. Mtsikana uyu ndinamuuza kuti asanamenyane alipire maphunziro apadera a sabata ziwiri, anakana. Mafuta anasiya kudzola. Ndamvanso za anyamata a kabaza amene akuyenda nawo. Karate safuna thupi lodetsedwa. Makolo, mwana akafuna njira yachidule, mapeto ake ndi amenewa."

Zonsezo linali bodza. Maphunziro apaderawo anawatchula koyamba tsiku limenelo, ndipo Millie mumamudziwa, za anyamata alibe nazo ntchito. Atatero anawerama, anamutembenuza ndi dzanja limodzi ngati thumba la chimanga, anamasula lamba m'chiuno mwake ali chigonere, n'kumukweza m'mwamba. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali mzere wachitatu, ndipo mawu amodzi okha ochokera pakamwa panga akanatha kumugwetsa munthu uja pamaso pa anthu onse. Sindinaimirire mpaka atamaliza. Amene ananyamula Millie kukamukweza minibasi yawo ndi kupita naye kuchipatala ndi a Sudi.

Kuchipatala cha kuno anamuthandiza mwachangu n'kutitumiza ku Blantyre, kumene tinakhala sabata zitatu. Mitsempha ya bondo inaduka ndipo fupa linang'aluka. Anamuchita opaleshoni, akuti pafunika ina mu Januwale. Adokotala sanatibisire: adzayenda, koma motsimphina, ndipo zothamanga aiwale. Tili komweko, mnzake amene ankathamanga naye anabwera kudzamuona, n'kutulutsa pakamwa kuti iye akukonzekera zokayesedwa usilikali. Millie anamufunira mafuno abwino, anamufunsanso ngati nsapato zothamangira ali nazo, n'kumuuza kuti akatenge zake kunyumba.

A Sudi anabwera kawiri kuchipatalako, atanyamula nthochi ndi sopo. Ulendo wachiwiri anandiitanira panja.

"Mayi, mwanayu ali ndi mtima. Kuimirira pa mwendo wotere si zamasewera. Koma palibe chimene anaphunzitsidwa. Kwathu mwana amatha miyezi itatu akuphunzira kugwa kokha, ndipo chimene timasonkha ndi ya magetsi a m'holo yophunziriramo basi. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndapereka malamba akuda awiri. Inenso ndinalakwa kuvomera chifukwa cha malikhweru, ndipo Laila chichokereni kuja sanabwerenso ku maphunziro." Kenaka anafunsa, "Kodi malamba amenewa munthu uja amawatenga kuti?"

Ndinati sindikudziwa.

Titabwerako ndinapita kwa a Pilato ndili ndi ukali, kukawauza kuti nkhaniyi ndipita nayo patali. Anandipatsa mpando. Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lonena kuti mwana akavulala sukulu ilibe mlandu.

"Anasayina apa ndani?"

Ndinali ine, tsiku lolembetsa, m'malo mwa inu.

"Mukafuna kupita nayo patali, pitani, mayi, ine sindikuletsani. Koma mukakafika mukanene zonse. Makolo makumi anayi adzafuna kumudziwa telala wa ku Durban, ndipo ena mwa iwo mumapemphera nawo."

Ndinatuluka. Panja ana anali pamizere mpaka kusefukira pabwalo. Chichitikireni chionetsero chija ana achuluka kuposa kale, ndipo aliyense akulipira maphunziro apadera kuopa kufanana ndi Millie. Dzina la mwana wanu ndi limene akuopsezera ana ochedwa kulipira.

Chotsala ndi chimene chandichititsa kulemba kalatayi. Ndinasamutsira makina kunyumba kuti ndizisoka ndikumuyang'anira. Lachitatu la sabata yathayi a Pilato anandipeza pamsika n'kundipatira kapepala kapulasitiki. M'kati munali lamba uja.

"Mumuchape, mumunyikenso, mumudule pang'ono. Mwana wa a sitolo ya zitsulo ndi wochepa m'chiuno, ndipo mayeso ake ndi Loweruka."

Ndikanatha kuwaponyera kumaso. Ndinaika m'chikwama. Lachinayi masana, Millie atamwa mankhwala ake n'kugona, ndinadula nsonga ija n'kukhala pa makina. Phokoso la makina linandilepheretsa kumva ndodo zake. Nditakweza mutu anali pakhomo la chipinda, akuyang'ana pansi, pamene panagwera kansalu kokhala ndi chilembo chofiira.

"Azakhali, ameneyo ndi lamba wanga."

"Angondipempha kuti ndikonze."

Maso ake anapita pansi pa tebulo, pamene panali thumba lotseguka la malamba oyera osanyika, kenaka pa zala zanga, zimene dayi sachoka m'zikhadabo. Millie si mwana.

"Onse aja munkasoka ndinu?"

"Eya."

"Nanga matabwa aja?"

"A Jailos ankayamba acheka."

Anatsamira chitseko, chifukwa kuima nthawi yaitali sangathe.

"Tsiku ndinakugwadirani lija, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Ndinkayembekezera kuti alira kapena anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Malizani. Mwini wake akudikira."

Anatembenuka n'kubwerera kuchipinda. Kenaka ndinamaliza, achimwene. Ndinapinda nsonga, ndinasita, ndipo Lachisanu ndinakapereka. Ndalemba zimenezi kuti musadzazimve kwa wina.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chophika ine sakudya, amene akumuphikira ndi amayi, ndi msana wawo uja. Ndikafuna kumuthandiza posamba amati akwanitsa yekha, ndipo ndimamva akugwa m'bafa koma osandiitana. Watumiza uthenga kwa abale a malemu mayi ake ku Milanje, kutsidya kwa malire, ndipo amalume ake akubwera Loweruka likudzali kudzamutenga. Sanandipemphe chilolezo, ndipo ine ndilibe nkhope yomuletsera. Munandisiyira mwana wa miyendo iwiri pamene munkakwera basi, muli ndi chikhulupiriro chakuti kwa mlongo wanu ndi kumene angasungike bwino kuposa kwa eni mbumba.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, chilichonse chimene mungapeze cha opaleshoni ya mu Januwale mutumize kwa amalume akewo, chisadzere kwa ine. Nambala yawo ndalemba kuseri kwa pepalali. Chachiwiri, ndikudziwa mtima wanu. Musakwere basi ndi ukali kudzafuna a Pilato. Munthu uja ali ndi mapepala ndi anthu omuombera m'manja, ndipo inu mukadzamukhudza amene adzagone m'chitokosi ndinu, Millie n'kutsala wopanda womuthandiza. Ngati pali munthu woti mumukalipire, adiresi yake ili pamwamba pa kalatayi.

Pali chinanso. A Pilato atumiza mawu kuti akufuna mayunifomu makumi awiri ndi asanu a ana amene adzayambe pa tchuthi cha Disembala, ndipo nsalu yake afikitsa kale, ili pakona m'chipinda changa. Ndikanakonda kukulemberani kuti ndakana. Sindinawayankhe. Mankhwala a amayi a kuthamanga kwa magazi atsala a masiku asanu ndi anayi, ndipo pa makina palibe ntchito ina koma zipi imodzi ya thalauza.

Amayi akupereka moni wambiri, akuti musamagwire ntchito osadya, ndipo akufunsa ngati Khirisimasi ino tikuoneni. Sakudziwa zonse, akungodziwa kuti mdzukulu wawo anagwa pa masewera ndipo wakwiya ndi azakhali ake. A kwa Namboya akuti zikomo chifukwa cha wailesi ija, ikugwirabe ntchito. Mundiperekere moni kwa anzanu a kwathu kuno amene mukukhala nawo.

Ndisanatseke envelopu ndinagogoda kuchipinda kwa Millie, n'kumuuza kuti ndikulembera bambo ake, ngati ali ndi mawu oti ndiikemo. Anali akupinda zovala zake pabedi, mwendo uli pa pilo. Sanatembenuke. Anati, "Muwauze kuti ndili bwino. Inu mumatha kunena zimenezo."

Ndine mlongo wanu,
Enifa.